Mafuta a makwinya: gulani amene mungakwanitse kuwagulanso

Timizere toyamba ta pankhope timayamba mwakachetechete, kawirikawiri m'mbali mwa maso, pamphumi ndi m'mbali mwa kamwa, ndipo anthu ambiri amatizindikira ali ndi zaka za m'ma 30, ena asanafike n'komwe pamenepo. Munthu akangotiona amayamba kufunsa kuti agule mafuta ati, ndipo yankho limene amalipeza msanga limachokera kwa ogulitsa, omwe amafuna tikhulupirire kuti mafuta akakwera mtengo ndiye kuti ndi amphamvu. Ine sindivomereza zimenezi. Zinthu zimene zatsimikizika kuti zimachedwetsa makwinya n'zochepa kwambiri, ndipo zonse zimagwira ntchito pokhapokha munthu akamazidzola mokwanira, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri. Choncho kutsika mtengo kwa mafuta ndi mbali ya mphamvu yake, chifukwa mafuta amene munthu sangakwanitse kuwagulanso akatha amuthandiza kwa miyezi iwiri yokha, kenako khungu libwerera pamene linali.

Makwinya enieni amayambira m'chigawo cham'kati cha khungu, mmene muli timaulusi ta kolajeni, amene amalimbitsa khungu, ndi ta elastin, amene amalithandiza kubwerera m'malo likatambasuka. Munthu akakula kolajeni amayamba kuchepa, pafupifupi ndi 1 peresenti chaka chilichonse, ndipo kwa amayi kuchepako kumafulumira m'zaka zoyambirira akangosiya kusamba. Kumeneku ndi kukalamba kwa msinkhu, kumene palibe angakuletse. Koma makwinya obwera msanga ambiri amachokera ku dzuwa, ndipo aliyense angathe kudzionera yekha zimenezi poyerekeza khungu la kumaso kwake ndi la m'kati mwa mkono, pafupi ndi m'khwapa. Makungu awiriwa ali ndi zaka zofanana, koma limodzi lakhala padzuwa moyo wonse pamene linalo lakhala lobisika. Mu 2012, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza chithunzi cha bambo wa zaka 69 amene anayendetsa galimoto yonyamula katundu kwa zaka 28. Mbali ya kumanzere ya nkhope yake, imene inkayang'ana kuwindo, inali yokwinyika kwambiri ndi yolendewera, pamene mbali ya kumanja inkaoneka ngati ya munthu wina wocheperapo msinkhu. Cheza cha dzuwa chotchedwa UVA chimadutsa galasi ndi mitambo, chimalowa mozama m'khungu, ndipo chimachititsa kuti kolajeni aziphwanyika munthu asakumva kupsa kulikonse.

Pachifukwa chimenechi, ndalama yoyamba iyenera kupita ku mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ngakhale kuti botolo lake nthawi zambiri silitchula n'komwe za makwinya. Umboni wake ndi wolimba kuposa wa mafuta ena aliwonse ogulidwa popanda chilolezo cha dokotala. Ku Nambour, m'chigawo cha Queensland ku Australia, ochita kafukufuku anatsatira anthu 903 osapitirira zaka 55 kwa zaka zinayi ndi theka. Gulu lina linauzidwa kuti lizidzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, pamene linalo linasiyidwa kuti lizidzola likafuna. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013 m'magazini ya Annals of Internal Medicine, zinasonyeza kuti khungu la odzola tsiku ndi tsiku linakalamba mocheperapo ndi 24 peresenti poyerekeza ndi la anzawo aja. Mafuta amene anagwiritsidwa ntchito anali wamba, a SPF 15 (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya mafuta potchinga dzuwa), opanda dzina lochititsa kaso.

Nambala ya SPF ndi imene imasocheretsa ogula ambiri. Mafuta a SPF 15 amatchinga pafupifupi 93 peresenti ya cheza china cha dzuwa chotchedwa UVB, a SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti, ndipo a SPF 50 pafupifupi 98 peresenti, kotero kusiyana kwa 30 ndi 50 n'kochepa kuposa mmene manambalawo akuonekera. Komanso nambalayi imanena makamaka za UVB, amene amawotcha khungu, ndipo amene akudera nkhawa makwinya ayenera kuyang'ananso zosonyeza kuti mafutawo amatchinganso UVA, monga mawu akuti "broad spectrum", kapena zilembo za UVA zozunguliridwa ndi kamzere, kapena chizindikiro cha PA chotsatiridwa ndi timitanda tingapo. Chofunika kuposa zonsezi ndi kuchuluka kwa mafuta amene munthu wadzola. Poyesa SPF, opanga amapaka mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, koma anthu ambiri amadzola theka la mlingo umenewu kapena kucheperapo, ndipo chitetezo chimatsika motsatira. Nkhope ndi khosi zimafuna mafuta okwana mizere iwiri yotalika ngati chala cholozera ndi chala chapakati, ndipo amene akukhalitsa panja kapena kutuluka thukuta ayenera kudzolanso pakapita maola awiri alionse. Apa ndi pamene mtengo umalowerera. Munthu amene wagula kachubu kakang'ono kodula amadzola motsina kuti kasathe msanga, masiku ena amadumpha, ndipo mapeto ake amatetezeka mochepa kuposa mnzake amene wagula botolo lalikulu lotchipa la SPF 30 n'kumadzola mosaumira.

Ena amanena kuti anthu a khungu lakuda safunika mafuta amenewa. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono. Melanin, amene amapatsa khungu mtundu wake, amatchingadi mbali ya cheza cha dzuwa, ndipo n'chifukwa chake makwinya amachedwerapo kubwera pa khungu lakuda kuyerekeza ndi loyera. Ambiri mwa anthu a mu kafukufuku wa ku Nambour analinso a khungu loyera. Komabe chitetezo cha melanin si chokwanira, ndipo pa khungu lakuda zotsatira za dzuwa zimayamba kuonekera mwanjira ina: mawanga akuda pamasaya ndi pamphumi, zipsera za ziphuphu zosatha msanga, ndi nkhope ya mitundu iwiri. Kuwala kooneka ndi maso nakonso kumadetsa mawanga amenewa pa khungu lakuda, ndipo mafuta okhala ndi utoto wa iron oxide amathandiza kukutchinga. Vuto lenileni limene anthu a khungu lakuda amakumana nalo ndi lakuti mafuta ambiri okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide amasiya nkhope itatuwa, moti munthu amawadzola kawiri n'kuwasiya. Choncho ngati pali malo amene kuwonjezera ndalama pang'ono kuli ndi nzeru, ndi pogula mafuta a dzuwa osatuwitsa ndi osalowa m'maso, amene munthu angalolere kutuluka nawo m'nyumba m'mawa uliwonse.

Ndalama yachiwiri ipite ku mankhwala ochokera ku vitamini A, amene onse pamodzi amatchedwa retinoid. Mafuta a dzuwa amateteza zimene zisanawonongeke, pamene amenewa ndi okhawo amene ali ndi umboni wa zaka zambiri wakuti amakonzako zimene zawonongeka kale. Mmodzi mwa amphamvu kwambiri mwa iwo, tretinoin, anapangidwa kukhala mankhwala a ziphuphu ndi Albert Kligman ndi James Fulton pa University of Pennsylvania m'zaka za m'ma 1960, ndipo bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linamuvomereza mu 1971. Odwala ziphuphu achikulire anayamba kuona kuti khungu lawo likusalala, kafukufuku wa pa University of Michigan amene anatuluka mu 1988 anatsimikiza zimenezi, ndipo mu 1995 bungwe la FDA linavomereza tretinoin kuti azigwiritsidwa ntchito pa makwinya ang'onoang'ono. Mankhwalawa amalimbikitsa khungu kupanga kolajeni watsopano ndi kuchepetsa kuphwanyika kwa wakale. Popeza ndi akale, makampani ambiri amawapanga tsopano, ndipo kachubu kake nthawi zambiri n'kotsika mtengo kuposa mafuta otchuka a m'mabotolo onyezimira, ngakhale kuti m'mayiko ambiri pamafunika kalata ya dokotala kuti munthu agule.

Amene sakufuna kuyambira kwa dokotala angayambe ndi retinol, amene amagulitsidwa m'zodzoladzola wamba. Khungu limayamba lamusandutsa kawiri kuti afike pokhala chinthu chofanana ndi tretinoin, kotero ndi wofatsa ndipo amachedwa kuonetsa zotsatira. Retinaldehyde amasandulika kamodzi kokha, pamene retinyl palmitate, amene amapezeka m'mafuta ambiri odzitama kuti ali ndi vitamini A, amasandulika katatu ndipo ndi wofooka kwambiri. Wogula aziwerenga dzina lenilenilo pa mndandanda wa zimene zili m'mafutawo, ndipo aziona ngati wopanga walemba mlingo wake. Sikofunika kuthamangira nambala yaikulu: mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lakuti mafuta a kumaso asapitirire 0.3 peresenti ya retinol, ndipo mlingo umenewu kapena wocheperapo ndi wokwanira kwa munthu amene akuyamba kumene. Retinol amawonongeka ndi kuwala ndi mpweya, choncho chubu chosaonekera m'kati kapena botolo lopopa n'zabwino kuposa mtsuko wa galasi wotsegula pakamwa, ngakhale mtsukowo ndi umene umaoneka wapamwamba.

Kadzoledwe kake n'kofunika mofanana ndi kagulidwe. Munthu azidzola usiku, atasukusula ndipo khungu litauma, kadontho kamodzi kakang'ono kokwanira nkhope yonse, kuyamba ndi masiku awiri pa sabata n'kumawonjezera pang'onopang'ono. M'masabata oyamba khungu limatha kuuma, kuyabwa ndi kufunduka, ndipo kuonjeza mankhwala sikufulumizitsa zotsatira koma kumangokulitsa ululu. Pa khungu lakuda kusamala kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa pamalo pamene patupa kapena papsa pamatsala wanga lakuda limene lingatenge miyezi kuti lizimiririke, moti munthu amene amafuna kuchotsa kamzere kamodzi amapezeka ndi vuto lina looneka kuposa loyambalo. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, asagwiritse ntchito retinoid wa mtundu uliwonse, ndipo woyamwitsa ayambe wafunsa dokotala. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo munthu akasiya kudzola phindu lake limatha pang'onopang'ono. Amene akuwerengera mtengo wa retinol aziwerengera wa chaka chonse, osati wa botolo limodzi.

Chachitatu ndi mafuta wamba ofewetsa khungu, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri popanda chifukwa. Timizere tambiri timene munthu amationa ali ndi zaka za m'ma 20 si makwinya enieni, koma ndi khungu louma, ndipo timatha khungulo likapeza chinyezi. Glycerin amakoka madzi n'kuwasunga pamwamba pa khungu. Petroleum jelly, amene Robert Chesebrough anamulembetsa mu 1872 n'kumugulitsa ndi dzina lakuti Vaseline, amatseka madzi kuti asatuluke kuposa pafupifupi china chilichonse, ngakhale kuti ndi wolemera kwa anthu a nkhope ya mafuta. Hyaluronic acid, amene otsatsa malonda amamutama kwambiri masiku ano, amagwira ntchito yofanana ndi ya glycerin. Zonsezi n'zotsika mtengo, ndipo kusalala kumene munthu amakuona m'mawa atadzola kirimu wodula usiku kumachokera ku zinthu zomwezi. Kusalalako ndi kwenikweni, koma kumatha akasamba, ndipo sikukhudza kolajeni.

Mafuta olembedwa kuti ali ndi kolajeni ndi chitsanzo chabwino cha mmene malonda amagwiritsira ntchito mawu oona pofuna kupereka chithunzi chabodza. N'zoona kuti khungu likutaya kolajeni, ndipo n'zoona kuti m'botolomo muli kolajeni, koma zinthu ziwirizi sizikumana. Akatswiri a khungu amati chinthu cholemera kupitirira madalitoni 500 (dalitoni ndi muyeso wa kulemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso) chimavutika kudutsa chigawo chakunja cha khungu, pamene kolajeni amalemera pafupifupi madalitoni 300,000. Amangokhala pamwamba n'kufewetsa khungu monga mafuta ena aliwonse. Kirimu wa m'maso nayenso nthawi zambiri amakhala mafuta ofewetsa omwewo, oikidwa m'kabotolo kakang'ono pa mtengo wokwera, ndipo munthu amene mafuta ake a kumaso samulowa m'maso safunika kugula wina wapadera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma m'mitsuko yambiri yokongolayi mulibe ngakhale nyerere, muli glycerin ndi mafuta onunkhira.

Si ine ndekha amene ndikukayikira mtengo. Bungwe loyesa katundu la Consumer Reports ku America linayesa mafuta a makwinya a mitengo yosiyanasiyana kwa masabata 12, ndipo mu Januwale 2007 linalengeza kuti silinapeze mgwirizano uliwonse pakati pa mtengo ndi zotsatira. Amene anapambana anali m'gulu la otsikirapo mtengo, ndipo ngakhale amenewo anachepetsa kuzama kwa makwinya ndi mlingo wosafika 10 peresenti, umene diso silitha kuuona bwinobwino. Zithunzi za otsatsa malonda nazo si umboni. Mu 2012 bungwe loyang'anira otsatsa malonda ku Britain, la Advertising Standards Authority, linaletsa chithunzi cha Rachel Weisz chotsatsa mafuta a makwinya a L'Oréal chifukwa chakuti chinakonzedwa pa kompyuta mpaka kukokomeza zimene mafutawo angachite. Mawu onga akuti amayi asanu ndi anayi mwa khumi anaona kusintha nthawi zambiri amachokera ku mafunso ofunsidwa kwa anthu ochepa amene anapatsidwa mafutawo ndi kampani yomweyo, ndipo amanena za mmene anthuwo anamvera, osati za makwinya oyezedwa.

Wina anganene kuti ndikupeputsa ntchito ya opanga mafuta apamwamba, ndipo pali mbali imene ndikumuvomereza. Kusakaniza retinol kapena vitamini C kuti asawonongeke m'botolo ndi luso, ndipo mafuta olowa bwino m'khungu, osanata ndi osanunkha, amatenga nthawi kuti apangidwe. Munthu amene ali ndi ndalama ndipo amasangalala ndi fungo ndi kufewa kwa kirimu wodula sakulakwa, malinga akudziwa kuti akulipira chisangalalo chimenecho. Chimene ndikukana ndi kuuza munthu wa ndalama zochepa kuti khungu lake likalamba msanga chifukwa sangakwanitse mtsuko wodula, pamene makampani akuluakulu omwewo amapanga mafuta a mitengo yonse, ndipo zinthu zogwira ntchito zimene amaika m'odula zimapezekanso m'otchipa.

Koma kutchipa nakonso kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi oopsa kuposa kutaya ndalama. Mafuta ena otsika mtengo amene amalonjeza kuchotsa makwinya, mawanga ndi ziphuphu m'masiku ochepa amakhala mafuta oyeretsa khungu, ndipo ambiri apezeka ndi mercury, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, nthawi zina osalembedwa n'komwe pabotolo. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo pangano la mayiko la Minamata lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury, limene poyamba linaika malire a gawo limodzi la mercury pa magawo miliyoni a zodzoladzola, linasinthidwa mu 2023 kuti mercury aletsedweretu m'zodzoladzola. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amatha kusiya mawanga akuda ooneka ngati a buluu amene amavuta kwambiri kuchiza. Steroid amasalalitsa nkhope m'masabata oyamba, kenako amapyapyalitsa khungu, kuonetsa mitsempha ndi kubweretsa ziphuphu, kutanthauza kuti amachita zosemphana ndendende ndi zimene wofuna kupewa makwinya akufuna. Botolo lopanda mndandanda wa zimene zili m'kati, lopanda dzina ndi keyala ya wopanga, kapena lopanda tsiku lotha ntchito, lisagulidwe pa mtengo uliwonse. Kachithunzi ka mtsuko wotsegula kolembedwa 6M kapena 12M kamasonyeza miyezi imene mafutawo amakhala bwino akatsegulidwa, ndipo n'chifukwa china chosagulira mabotolo ambiri nthawi imodzi.

Zotsala zimene zili ndi umboni wochepa koma wabwino ndi ziwiri. Niacinamide, amene ndi mtundu wa vitamini B3, amathandiza pa mawanga ndi timizere ting'onoting'ono pa mlingo wa 4 kapena 5 peresenti, sawawa, ndipo amapezeka kale m'mafuta ambiri ofewetsa khungu otsika mtengo. Vitamini C wa mtundu wa ascorbic acid amathandiza pa mlingo wa 10 mpaka 20 peresenti, koma amawonongeka msanga, ndipo akasanduka wofiirira ndiye kuti watha mphamvu. Ndingamugule pokhapokha zitatu zoyamba zija zitakwanira. Sopo wa kumaso akhale wofatsa ndi wotchipa, popeza amakhala pankhope mphindi imodzi yokha n'kutsukidwa. Ndipo amene amasuta fodya adziwe kuti utsi wake umaphwanya kolajeni ndi kuchepetsa magazi ofika kukhungu, moti kusiya fodya kungamuthandize kuposa botolo lililonse limene latchulidwa pano.

Pali makwinya ena amene mafuta sangawachotse. Mizere ya pamphumi ndi ya pakati pa nsidze imapangidwa ndi minofu imene imapinda khungu pamalo omwewo nthawi iliyonse munthu akadabwa, akakwiya kapena akatsinzina padzuwa. Jakisoni wa botulinum toxin, amene bungwe la FDA linamuvomereza pa mizere ya pakati pa nsidze mu 2002, amagwira ntchito pofooketsa minofuyo kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo palibe kirimu amene amafika kumeneko, ngakhale botolo litalonjeza zotsatira zofanana. Magalasi a dzuwa ndi chipewa chotambalala zimachepetsa kutsinzina ndi cheza nthawi imodzi, ndipo zimagulidwa kamodzi.

Amene akuyamba ayambe ndi chinthu chimodzi chatsopano pa nthawi imodzi, atachiyesa kaye pakamalo kakang'ono kuseri kwa khutu kwa masiku angapo, kuti khungu likakana adziwe chimene lakana. Adzijambule chithunzi asanayambe, pamalo amodzi ndi kuwala kofanana, chifukwa galasi loyang'aniramo tsiku lililonse silionetsa kusintha kochedwa chotere, ndipo ambiri amasiya mafuta abwino pa sabata lachitatu poganiza kuti sakugwira ntchito. Ngati patapita miyezi isanu ndi umodzi akudzola mafuta a dzuwa m'mawa ndi retinol usiku mosadumpha chithunzi chatsopano sichikusiyana ndi chakale, ndalama yotsatira ipite kwa dokotala wa khungu, amene angaone ngati tretinoin ndi woyenera khungu limenelo ndi kupereka mlingo woyambira.